Odi Pakhomo Lopanda Nyumba

Ine sindikonda mapiri. Kwathu ku Mulanje phiri ndinkaliona tsiku ndi tsiku, koma sindinalikwerepo, chifukwa palibe chimene ndinaiwala kumwambako. Alendo ankabwera ndi zikwama zawo n'kumatifunsa njira, ife n'kuwalozera mwaulemu, akangokhota n'kuyamba kuwaseka. Ndiye mukamva kuti ine, bambo wa imvi zanga, ndinakwera mapiri a m'chipululu nditavala suti, tayi ali pakhosi, tambala wamoyo ali m'khwapa, dziwani kuti sanali maganizo anga.

Nthawi imeneyo ndinali mlonda pa hotela ina ku Business Bay, mumzinda wa Dubai. Tinkakhala m'nyumba za kampani, amuna okhaokha, mabedi osanjikizana. Pamwamba pa bedi langa pankagona mnzanga wina wa ku Ntcheu, wokolopa pa hotela yomweyo, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Iyeyu anagwa m'chikondi ndi mkazi wina wa ku Dedza amene ankalera ana m'nyumba ya anthu olemera. Anakumana kutchalitchi ku Bur Dubai, ndipo ankaonana mwa apo ndi apo, pokhapokha madamu ake akamupatsa ofu. Tsiku limene mnzangayo analimba mtima n'kutchula za ukwati, mkaziyo sanakane, komanso sanavomere.

"Ine si chikwama chotola m'sitima ya Metro," anamuuza choncho. "Mayi anga anthu anakawaodira pakhomo. Ngati mukundifunadi, abale anu abwere adzaodire pakhomo, tambala ali m'manja. Apo ayi, kontilakiti yanga ikutha posachedwapa, ndikupita kwathu, ndipo musadzandifunefune."

Mnzangayo anasiya kudya. Kuntchito ankakolopa malo amodzimodzi mpaka alendo kuyamba kuterereka. Kenako tsiku lina anandipeza ndikusita yunifolomu, n'kukhala pansi ngati wabwera kudzanena maliro.

"Achimwene, mwa ife tonse muno, amene mukuoneka ngati malume a munthu ndinu. Imvi muli nazo, mimba muli nayo. Mukhale nkhoswe yanga."

Mawuwo anandinyoza ndi kundilemekeza nthawi imodzi, ndipo ndisanasankhe kuti ndikwiye kapena ndithokoze, ndinapezeka kuti ndavomera.

Vuto linali khomo. Mzinda wa Dubai uli ndi makomo osawerengeka, koma panalibe ngakhale limodzi loti mkaziyo anganene kuti ndi lake. Kwa madamu ake mwamuna wachilendo sankaloledwa ngakhale kuima pageti. Kwathu ku nyumba za kampani akazi sankalowa, ndipo owaletsawo tinali ife tomwe. Holo imene tinkapemphereramo inali yobwereka, moti tisanamalize ameni mpingo wina umakhala utafola kale pamasitepe ndi ng'oma zawo. Mnzanga anatchulako za kumolo, kumashopu akuluakulu aja, ine n'kumufunsa kuti munthu ungaodire bwanji chitseko chimene chimatseguka chokha chikangokuona. Tinafufuza mpaka mitu kuwawa, masiku a kontilakiti aja akutha.

Amene anapeza khomo anali mayi wina wa ku Chipata, mnzake wamkulu wa mkazi uja, nayenso wolera ana. Iyeyu anadzisankha yekha kukhala nkhoswe ya kuchikazi, ndipo palibe anayerekeza kutsutsa. Anatipeza panja pa tchalitchi n'kutionetsa chithunzi pafoni: chimwala chofiirira chopindika ngati chipata, chitaima chokha pamwamba pa phiri, mkati mwake mukuoneka thambo. Anati anapitako ndi mabwana ake, iye atabereka mwana, kumapiri a cha ku Hatta.

"Ili ni khomo, si khomo?" anatifunsa m'Chinyanja chakwawo. "Lilibe landilodi, lilibe sikiyuliti, lilibe madamu. Sande ikubwera tonse tili pa ofu. Khalas, nkhani yatha."

Ndinayesa kufotokoza kuti kwathu kugogoda ndi tsiku lina, chinkhoswe cha nkhuku ndi tsiku linanso, zinthu siziphatikizidwa ngati ndiwo za m'kantini. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kundifunsa ngati ndine amene ndikawapemphere maofu enawo.

Tambala nayenso anatizunza. Nkhuku za mumzindawu zimakhala mufiriji, zopanda mutu, zopanda nthenga, moti sungadziwe kuti uyu anali tambala kapena thadzi. Anatithandiza ndi dalaivala wa basi ya kampani, bambo wa ku Pakistan, amene m'bale wake ankagwira ntchito pafamu ina m'njira yomweyo ya ku Hatta. Sanamvetse zimene tinkafuna kuchita, koma atamva kuti ndi za ukwati anabwereka galimoto n'kunena kuti atiperekeza. Lamlungu m'mawa tinaima pafamupo n'kutenga nkhuku ziwiri, tambala wofiira wa maso aukali ndi kamsoti koyera. Azimayi anaika kamsoti kawo m'katoni yoboola, n'kuphimba ndi thaulo lonyowa. Ife amuna tinati tambala wa chinkhoswe sabisidwa m'katoni ngati wakuba, anyamulidwe poyera.

Za zovala musandiweruze msanga. Nkhoswe ya ndani inapitapo kwa eni mbeta itavala kabudula? Ine ndinavala suti yanga yakuda ya kutchalitchi ndi nsapato zosongoka, zopolishidwa mpaka kumadziona nkhope. Mnzanga anavala suti yotuwa imene manja ake ankathera panjira. Titafika pamalo oimika magalimoto tinapeza anthu ena okwera mapiri atavala zipewa zikuluzikulu, ndodo ziwiriziwiri m'manja, akuyamwa madzi m'timapaipi totuluka m'zikwama zawo. Ndinawamvera chisoni kuti akuoneka ngati odwala. Iwo anatiyang'ana, n'kuyang'ana tambala, n'kuyang'anana.

Mwambo umafuna kuti alendo apeze eni khomo ali pakhomo, choncho azimayi anatsogola. Anali atavala nsapato za mphira, zitenje m'chiuno, mabotolo akuluakulu a madzi pamutu. Mayi wa ku Chipata anangotembenuka n'kunena kuti, "Njira ni imodzi chabe, simungasobe." Ife tinakhala m'galimoto kuwapatsa mpata, uku dzuwa likukwera. Pamapeto pake dalaivala anatitsegulira chitseko.

"Yalla, habibi, pitani abale anga. Inshallah, Mulungu akalola, mubwerako ndi mkazi. Ine ndikhala muno mozizira."

Njirayo imadutsa mumtsinje wouma, umene kuno amautcha wadi. Pansi pali miyala yobulungira yokhayokha, uku ndi uku makoma a thanthwe ataima njo, ofiira pena, otuwa pena, ukawakanda ndi chala amayoyoka mchenga. Mulibe udzu, mulibe mbalame, mumangomveka nsapato zako. Poyamba ndinkayenda monyadira, tambala ali m'khwapa, ndikubwereza mumtima mawu amene ndikanene. Koma nsapato zosongoka anazipangira matailosi a m'hotela. Mwala uliwonse unkandipereka kwa unzake, ndipo thukuta linayamba kutsika mumsana mpaka m'masokosi.

Tinafika pamene mtsinjewo unagawikana pawiri. Pakamwa pa njira ya kumanja panali miyala yosanjikizidwa bwinobwino, waukulu pansi, waung'ono pamwamba, ndipo patsogolo pake panali mulu winanso. Mnzanga anaima ngati waponda minga.

"Achimwene, mwaona? Pamphambano."

Aliyense wokulira kwathu amadziwa kuti chinthu choikidwa mwadala pamphambano suchilumpha. Anthu amasambirapo mankhwala, amatayapo matsoka awo kuti wodutsa atole. Mnzanga anali atadziwa kale ndi mwini wake yemwe: mkulu wina wa kwaya amene nayenso ankamumwetulira mkazi uja. Anati ameneyo ndiye wabwera kudzatchera ukwati wake. Ndinamuseka, n'kumufunsa ngati munthu angakwere basi kuchoka ku Al Rigga kudzasanja miyala m'chipululu. Ndinamukumbutsanso kuti ndife akhristu. Ndinalankhula bwino kwambiri, koma miyendo yanga sinasunthe. Ndine mkhristu, inde, koma ndinabadwira ku Mulanje. Tinalowera kumanzere, kumene kunalibe mwala wosanjikiza ngakhale umodzi.

Njira yoyerayo inayamba kupanikiza. Makoma anayandikirana mpaka tinkayenda chammbali, kenako inangothera pathanthwe losalala. Pamwamba pake panaima mbuzi, ikutafuna, ikutiyang'ana mopanda ulemu. Mphepo kunalibe. Apa m'pamene ndinamva kuti tambala uja, amene njira yonse ankandijompha m'nthiti, wasiya kundijompha. Nditamuyang'ana ndinaona kukamwa kuli yasa, lilime panja, lipombo litagwera mbali imodzi, maso akutsinzina.

Mnzanga anamulanda m'manja mwanga ngati mwana wakhanda. Tinali ndi kabotolo kamodzi aliyense. Anatsegula kake n'kumamudontheza kukamwa, otsalawo n'kumuthira pansi pa mapiko. Atatha anatambasula dzanja osandiyang'ana n'komwe, ine n'kupereka kanga, kamene ndinali nditangonyowetsako milomo. Kenako anandipempha kuti ndivule jekete ndimuchitire mthunzi. Ndinaima pamenepo, bambo wa ana akuluakulu, nditatambasula jekete la suti pamwamba pa nkhuku, dzuwa likundiwotcha padazi, mbuzi ikuonerera.

Pobwerera m'pamene soli ya nsapato yanga ya kumanja inamatuka. Guluu anasungunuka, nsapato n'kuyasama, n'kumawomba pansi phwa, phwa, ndikaponda. Pamenepo mtima wanga unaphulika. Ndinamuuza mnzangayo zonse. Ndinati ndinasiya mkazi ndi ana kwathu kudzalondera zitseko za anthu, osati kudzafera nkhuku. Ndinati akazi ali mbwee padziko, ena safuna n'tambala yemwe. Ndinati akanandiuza kuti unkhoswe wake ndi wotere ndikanameta imvi zonse. Mawu anga ankagunda makoma n'kubwerera, moti ndinkadzimva ndekha ndikulalata kawiri.

Iye anatulutsa kampango m'thumba, n'kugwada, n'kumanga nsapato yanga ija mosamala. Ali chigwadire anati, "Achimwene, ine ndilibe nyumba, ndilibe munda, ndilibe kanthu koti ndingamuonetse. Wandipempha chinthu chimodzi chokha. Tambalayu akafa, ndikamuuza chiyani?"

Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anandikwiyitsanso, koma ndinanyamula tambala.

Titafikanso pamphambano paja tinapeza gogo wina wachizungu, wamakwinya ngati chikwama chakale koma wolimba miyendo, atawerama pa mulu uja. Anatola mwala n'kuusanjika pamwamba. Mnzanga anandigwira mkono n'kunong'ona kuti, "Ndi ameneyo. Amutuma." Gogoyo atationa anasangalala kwambiri. Anatifunsa ngati tikupita kuchipata cha mwala, n'kutiuza kuti tizingotsata miluyo, chifukwa oyenda m'mapiri amaisanja dala kuti anzawo asasochere. Kenako anapempha kuti ajambulitse ndi tambala. Ndinamulola, chifukwa ndinalibe mphamvu zofotokozera. Atapita tinalowa njira ya kumanja osayang'anana. Komabe mulu uliwonse tinkaulambalala patali ndithu, wina uku wina uku, poti gogoyo sitinkamudziwa mtundu wake.

Chigawo chomaliza chinali chokwera ndi manja. Wina ankakwera kaye, mnzake n'kumupatsira tambala, kenako iye n'kukwera, n'kulandiranso tambala. Miyala inkatentha ngati chiwaya. Kukhosi kwanga kunauma moti malovu ankakana kumezeka, ndipo ndinayamba kuda nkhawa kuti ndikafika mawu sakatuluka. Nkhoswe yopanda mawu ndi katundu chabe.

Kenako tinatulukira pamwamba, ndipo chipata chija chinali patsogolo pathu. Ndinene zoona, ndinaiwala kukwiya kwa kanthawi. Pachithunzi chinkaoneka chaching'ono, koma chinali chachitali kuposa nyumba, thanthwe limodzi lofiirira lopindika kuchoka pansi kukafika pansi, lopanda simenti, lopanda mzati. Mphepo inkadutsa mkati mwake, yozizira bwino. Kuseri kwake kunkaoneka mapiri ena, ndi ena kuseri kwa amenewo, mpaka kuzimiririka. Khomo lenileni, lokongola kuposa onse amene ndinaimapo, koma nyumba yake panalibe.

Panalinso mzere. Anthu a ndodo ziwiri aja anali atafola kuti aliyense ajambulitse ali pakati pa chipatacho, manja m'mwamba. Ife tinaima kumapeto kwa mzerewo ngati tili kubanki. Kutsidya kwa chipata, pamthunzi, azimayi athu anali atayala chitenje pansi. Mkazi uja anali atakhala mwendo tambalale, atafunditsidwa chitenje china kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga amachitira ndi mbeta. Pambali pake panali katoni ija. Kamsoti kanalira mkatimo, ndipo tambala wathu, amene ndinkamuyesa wakufa, anadzutsa mutu n'kundijompha pachala. Mnzanga anatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe.

Nthawi yathu itakwana mayi wa ku Chipata anaimirira n'kubalalitsa ojambula onse ndi manja awiri, akuwauza kuti khalas, pano pali nkhani ya banja. Anthuwo anasuntha, koma sanapite. Anakhala pamiyala mafoni ali m'mwamba. Mayiyo anabwerera pachitenje n'kutiyang'ana ngati sanationepo chibadwire.

Kumbali zonse za chipatacho kunali poyera, munthu ukanatha kungozungulira n'kukafika pamene anakhalapo. Koma ine ndinakonza tayi, n'kupatsira mnzanga tambala, n'kunjuta kunja kwa khomolo. Ndinawomba m'manja.

"Odi! Odi kuno eni khomo!"

Mawu anatuluka okhwekhwereza, koma anamveka. Ndinadikira kuti mayi uja afunse kuti ndani, ine ndinene kuti ndife alendo ochokera ku Ntcheu, taona kamsoti pakhomo pano. Mayiyo anatsegula pakamwa, koma dzanja linatuluka m'chitenje muja n'kumugwira bondo. Anatseka pakamwa. Kunali zii.

Ndinaodiranso mokweza. Palibe anayankha. Thanthwe linkandiwotcha kudzera m'bowo la nsapato. Kumbuyo kwanga ndinkamva mnzanga akupuma mofulumira. Mayi wa ku Chipata anawerama n'kunong'onezana ndi wofundayo, kenako anadzuka ndi nkhope yosokonezeka.

"Akuti mukambenso."

Magazi anandithamangira kumutu. Ndinaganiza kuti mkaziyu watikweza phiri lonseli kuti adzatichititse manyazi pamaso pa alendo, kuti anali atasankha kale zopita kwawo. Mnzanga nayenso anaganiza chimodzimodzi, chifukwa anandinong'oneza ndi mawu osweka kuti, "Achimwene, akukana. Tachedwa, akwiya." Ndinaimirira ndithu, ulemu wonse wa unkhoswe nditautaya.

"Alamu, ngati simukufuna, nenani! Munthuyu watsala pang'ono kufa m'njiramu chifukwa cha inu. Ine ndamwetsa nkhuku madzi anga. Tiodire kangati?"

Chitenje chija chinasuntha. Sanachivule, anangochitsegula pang'ono pankhope, zimene mwambo sulola, ndipo ndinaona kuti akulira.

"Pepani, akulu, sindikukana," anatero. "Kungoti chibwerereni kuno palibe munthu anandiodirapo. Kachipinda kanga kali kuseri kwa khitchini, ndipo kalibe loko. Madamu amangokankha. Ana amangokankha. Ngakhale ndikuvala, ngakhale ndikupemphera, amangokankha n'kulowa. Ndiye mutanena odi muja, ndinafuna ndimve kaye mmene zimakhalira munthu akaima panja n'kumadikira kuti ine ndiyankhe. Ndimafuna ndimvenso pang'ono. Ndikhululukireni."

Anatsekanso chitenje chake. Mayi wa ku Chipata, amene sindinkaganiza kuti ali ndi misozi m'thupi mwake, anayang'ana kumbali n'kumapukuta m'maso ndi thaulo la nkhuku lija. Ine mkwiyo wonse unandithera, ndipo chimene chinatsala chinali chisoni chachikulu, cha iye, cha mnzanga, cha ife tonse amene tinabwera kudzatumikira m'nyumba za eni.

Sindinanjutenso. Ndinagwada ndi mawondo onse awiri pathanthwe lotenthalo, mnzanga n'kugwada pambali panga tambala ali pachifuwa. Ndinawomba m'manja pang'onopang'ono, monga ankaombera akuluakulu kwathu akafika pakhomo la munthu wolemekezeka.

"Odi, mayi. Odi pakhomo panu."

Anatisiya tidikire. Mphepo inkadutsa pachipatapo, mawondo ankapsa, alendo aja anali atatsitsa mafoni awo. Sindinacheuke, sindinadandaule, ndipo akanafuna ndikanagwada mpaka dzuwa kulowa. Patapita nthawi ndithu, mawu anatuluka m'chitenje muja, osadzera mwa nkhoswe, ake enieni, odekha ngati a munthu amene ali m'nyumba mwake.

"Ndamva. Lowani."